Kumene Madzi Ozizira Amapita

Ndinagona ku Karonga, ndipo m'mamawa, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa mapiri a tsidya la ku Tanzania, ndinatsikira kudoko kukagula usipa woti ndikapereke kwa azakhali ku Misuku. Munali m'mwezi wa Julayi. Mwera unali utawomba usiku wonse. Mchenga unkazizira kumapazi, ndipo amayi ogula nsomba anali atakhala m'timagulu, aliyense atadzikulunga zitenje ziwiri, mabeseni ali pambali. Mabwato ochepa okha ndi amene analowa m'madzi usiku umenewo. Nditavula nsapato n'kuponda m'madzi kuti ndiyandikire bwato lina, ndinaima kaye. Madziwo anali ofunda. Mphepo inkandibaya m'makutu, koma mapazi anali m'madzi onga amene mayi amasambitsira khanda.

"Achimwene, nyanjayi siizizira tsiku limodzi," anatero mwini bwatolo, bambo wachikulire amene anaona kudabwa kwanga. "Mwerawu uyenera kuimenya miyezi. Ikazizira pamwamba imatembenuka, za pansi zimakwera, usipa n'kupeza chakudya. Lero tikudandaula nawo, koma chaka chopanda mwera ndi chaka cha njala."

Ndinagula zigoba ziwiri za usipa wofutsa, n'kumanga m'thumba, ulendo wa kudepoti. Mawu akuti "imatembenuka" ndinakwera nawo galimoto.

Msewu wa ku Chitipa ndi wa makilomita 101. Amene anauyenda usanathiridwe phula amausimba ngati nthenda imene anachira: malole otitimira m'matope, anthu kugona panjira, katundu kunyowa. Ntchito ya phula anaiyamba a ku Taiwan, n'kudzaimaliza a ku China boma la Malawi litasintha ubale kumapeto kwa 2007. Lero Sienta yodzaza anthu ndi matumba a mpunga imafika pa boma m'maola awiri. Imayambira m'chigwa cha North Rukuru, imadutsa mphambano ya ku Kayelekera kumene kuli mgodi wa yureniyamu umene unatsegulidwa mu 2009, kenako imayamba kukhotakhota m'mitengo ya mombo ndi masuku. Nyanja ili pa mamita 474 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, pomwe boma la Chitipa lili pa mamita pafupifupi 1,300. Kukwerako munthu amakumva pakhungu. Tinanyamuka mawindo onse ali otsegula. Pofika pamwamba anali atatsekedwa limodzilimodzi, ndipo mayi amene ndinakhala naye anali atamuveka mwana wake chipewa chaubweya.

Njirayi ndi yakale. Mu 1881 azungu anayamba kulambula msewu wochoka ku Karonga kulowera kunyanja ya Tanganyika ndi ndalama za James Stevenson wa ku Glasgow, ndipo pamene pali boma la Chitipa lero pankatchedwa Fort Hill. Ine sindinafike pa boma tsiku limenelo. Ndinatsikira pa Kapoka, pomwe anyamata a njinga zamoto amadikirira opita ku Misuku.

Kuchoka pa Kapoka msewu ndi wafumbi ndipo umakwera mosanyengerera. Mnyamata wa kabazayo ankayendetsa atavala jekete ziwiri ndi magolovesi. Tikukwera, mitengo ya mombo inatha, n'kuyamba nthochi, minda ya khofi ya m'mizere yopingasa phiri, nyumba zomangidwa pamalo oti mbuzi yokha ndiyo ingaime. Pamwamba penipeni pa mapiri panali nkhalango zakuda za Mughese, Wilindi ndi Matipa, nkhungu itazikwirira theka. Kuno ndi kwa Asukwa, kwa mfumu Mwenemisuku, kwawo kwa mayi anga. Aliyense amene tinkakumana naye ankati "Mwaghona," ndipo mawu amenewo anandibwezera mawu a mayi anga m'khutu, patatha zaka zambiri ndisanawamve.

Amalume anaphunzitsa jogalafe m'masekondale kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo atapuma anabwerera kumudzi kudzalima khofi. Ndinawapeza m'nyengo yothyola. M'mawa wotsatira tinasenza matumba a khofi wofiira kupita kumalo opunthira a kopaletivi, imene ili pansi pa Mzuzu Coffee. Asanampunthe, khofi amamuthira kaye m'madzi. Wokhwima bwino amamira, wopepera ndi wofumbwa amayandama, ndipo amamuyengula n'kumuika padera. Ntchito yoyengulayo anandipatsa ine. Madziwo amachokera mumtsinje wotuluka m'nkhalango, ndipo patatha mphindi zochepa zala zinali zitachita dzanzi, osamvanso kuti ndagwira chiyani.

"Dzulo lomweli ndinaponda m'nyanja, munali mofunda," ndinawauza amalume ndikupumira zala.

"Madzi akulumawa akupita komweko, mwananga," anatero. "Ena atsikira mu Songwe, ena mu Lufilya. Madzi saiwala khwawa. Koma unayamba wadzifunsa kuti akafika kunyanjako amakakhala pati? Pamwamba, pakati kapena pansi?"

Ndinali ndisanadzifunsepo. Kwa ine madzi akalowa m'madzi anzake nkhani yatha.

Madzulo ake, azakhali akutendera usipa uja, amalume anatulutsa matambula awiri agalasi. M'modzi anathiramo madzi ofunda a m'ketulo. Kenako anatenga tiyi wam'mawa amene anatsala m'kapu panja, atazizira kuti zii, n'kumutsanulira pang'onopang'ono m'mbali mwa tambulayo. Tiyiyo sanasakanikirane ndi madziwo. Anatsetsereka m'mbali mwa galasi ngati utsi wozondoka, n'kukayala pansi, pamwamba pakadali poyera. Adzukulu awo atatu anali atasiya masewera, maso ali patambula.

Madzi, anatero amalume, sakhala ndi kulemera kumodzi. Ndowa imodzimodziyo ukaidzaza madzi ozizira imalemera pang'ono kuposa ukaidzaza ofunda. Kusiyanako dzanja silingakumve, koma madzi eni ake amakumva, ndipo olemera amapita pansi, opepuka n'kukhala pamwamba. Nyanja ya Malawi yonse inasanjikizana motero. Pamene inazama kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. Pamwamba pake m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi pamatentha kufika madigiri 28 kapena 29, ndipo mu Ogasiti pamatsika kufika 23 kapena 24. Pansi penipeni sipadziwa dzinja kapena chilimwe: pamakhala pakati pa madigiri 22 ndi 23 chaka chonse. Ndiye m'nyengo yotentha madzi ofunda a pamwamba amakhala ngati chivundikiro pa mphika. Zonse zimene zafa m'nyanja, ndere, tizilombo, nsomba, zimamira n'kukawolera pansi, ndipo chonde chake chimatsekeredwa kumeneko.

"Msodzi wako wanena zoona, koma nyanja siitembenuka yonse," anatero. Mwera ukayamba mu Meyi umachita zinthu ziwiri. Umaziziritsa madzi a pamwamba mpaka atayandikira kulemera kwa apansi pake, ndiye amamira n'kuvundula nyanja mozama kuposa kale, kuchoka pa mamita 50 kufika pa 100 ndi kupitirira. Komanso umakankhira madzi ofunda kumpoto, kuno kwa Karonga, kotero kuti kummwera, cha ku Mangochi, madzi a pansi amakwera kudzatseka mpatawo atasenza chonde chija. Ndere imaphuka, tizilombo timachuluka, usipa ndi utaka n'kudya. Koma kupitirira mamita 200 kapena 250 mwera sufikako. Kumeneko kulibe mpweya wa okosijeni, ndipo kulibe nsomba ngakhale imodzi. Zokhazo zimene zimalimba mtima kukabisala m'malire a madzi akufawo masana ndi mphutsi za nkhungu, ntchentche za m'nyanja zija zimene zimatuluka ngati utsi, anthu a kumpoto n'kuzikola ndi madengu kukaumba ndiwo.

Ndinakhala chete ndikuganiza za nyanja imene ndakhala ndikuiona kuyambira ubwana, ku Salima, ku Nkhata Bay, ku Mangochi. Kusukulu tinaijambula ngati nsomba yabuluu pamapu, n'kuloweza kutalika kwake. Palibe amene anatiuza kuti chigawo chachikulu cha madzi ake ndi mdima wopanda mpweya, ndi kuti ndiwo za dziko lonseli zimachokera m'kachigawo kowonda ka pamwamba kamene kamadikira kuzizira kwa Juni kuti kadyetsedwe. Zinandipweteka kuti ndazimva ndili wamkulu kale.

Azakhali anapempha mchere, ndipo amalume anaulanda kaye m'manja mwa mdzukulu amene ankaupititsa. M'tambula yachiwiri anaikamo madzi ndi dzira. Dziralo linamira. Anayamba kuthira mchere, supuni ndi supuni, akutakasa, mpaka dziralo linanyamuka pansi, linazengereza pakati, n'kudzatulukira pamwamba.

"Atate ake, dziralo ndi la mawa," anatero azakhali.

"Silisweka, mayi," anayankha. "Ndikufuna anawa aone mfumu yachiwiri. Kwathu kuno wolamula madzi ndi kutentha. Kumathero a dziko wolamula ndi uyu."

Nyanja yathu ili ndi mchere wosakwana theka la galamu pa lita, woti lilime siliumva. Nyanja zamchere zili ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita. Mu ndowa ya malita 20 muli mchere wokwana magalamu 700, ndipo ndowayo imalemera theka la kilogalamu kuposa ya madzi a pachitsime. Tsono pali chinthu china chimene amalume anachibwereza kawiri kuti chilowe. Madzi akakhala ofunda, monga a ku Karonga, digiri imodzi yokha imasintha kulemera kwake mooneka, n'chifukwa chake madigiri asanu amakwanitsa kutseka nyanja yonse ya Malawi. Koma madzi akayandikira kuundana, digiri imodzi siisintha chilichonse chogwirika. Ku Arctic, kumpoto kwa dziko, ndi ku Antarctica, kummwera, madzi a pamwamba chaka chonse amangosewera pafupi ndi ziro. M'nyengo yozizira amakhala pa madigiri pafupifupi 1.9 kunsi kwa ziro, pamene madzi amchere amaundana, ndipo m'nyengo yofunda amakwera pang'ono chabe. Chimene chimasintha kwambiri ndi nyengo kumeneko ndi mchere.

Mdzukulu wamkulu, mtsikana wa sitandade 7, anafunsa kuti mcherewo amathira ndani ndipo amachotsa ndani.

"Ukagula filizesi pa boma, n'kuyamwa osatafuna, chimatsala m'pepala n'chiyani?" anamufunsa agogo akewo.

"Ayezi woyera. Zotsekemera zimayamba kutha."

Ndi momwemo, anatero. Madzi akamaundana amakana alendo. Shuga, mtundu, mchere, zonse amazikankhira kunja. Dzuwa likalowa ku Antarctica n'kukhala miyezi osatuluka, pamwamba pa nyanja pamaundana, ndipo ayeziyo amalavulira mchere wake wambiri m'madzi a pansi pake. Madziwo, ozizira kale mpaka pamapeto, akalandira mchere woonjezera amakhala olemera kwambiri, ndipo amamira. M'nyanja za Weddell ndi Ross amatsetsereka m'mbali mwa dzikolo monga anachitira tiyi m'tambula muja, mpaka pansi pa makilomita anayi kapena asanu, n'kuyamba kukwawa kulowera kumpoto atanyamula mpweya umene anautenga ali pamwamba. Kukula kwa ntchitoyi n'kovuta kukuika m'mutu. Mu Seputembala ayezi wa panyanja yozungulira Antarctica amakuta makilomita pafupifupi 18 miliyoni m'bwalo lake, kuposa theka la Africa yense. Pofika Febuluwale amatsala 2 kapena 3 miliyoni.

Dzuwa likabwerera zinthu zimatembenuka. Ayezi amasungunuka, ndipo popeza mchere wake wambiri anautaya kale, amasiya pamwamba madzi osakolera mchere, opepuka, amene dzuwa limawafunditsanso pang'ono. Madzi amenewo amayandama ngati mafuta pa msuzi, osafuna kusakanikirana ndi apansi. Ku Arctic zimenezi n'zazikulu kwambiri chifukwa mitsinje ya ku Siberia, Ob, Yenisei ndi Lena, pamodzi ndi Mackenzie wa ku Canada, imakhuthuliramo madzi opanda mchere chisanu chikasungunuka kumtunda, moti mchere wa pamwamba umatsika kufika pa 30 kapena kucheperapo. Nyengo zake ndi zotsutsana ndi zathu: ayezi wa ku Arctic amakula kwambiri mu Malichi n'kuchepa mu Seputembala. Pamene ife tinkaotha moto ku Misuku usiku umenewo, ku Antarctica nyanja inali ikuundana, ku Arctic ikusungunuka.

Apa amalume anasimba nkhani imene ndikuganiza kuti ana awo onse a sukulu anaimvapo. Mu 1893 Fridtjof Nansen wa ku Norway ananyamuka ndi sitima yotchedwa Fram, cholinga chake chili choti ikagwidwe dala mu ayezi wa ku Arctic n'kutengedwa naye. Mu Ogasiti chaka chomwecho, ali kufupi ndi Taymyr kugombe la Siberia, sitimayo inayamba kulemera. Injini ikulira ndi mphamvu zake zonse, nyanja ili bata, koma sitima ikungokwawa ngati wina waigwira kumchira. Amalinyero a ku Norway ankazitcha madzi akufa. Nansen anaona kuti madzi a pamwamba anali oti n'kumwa, pomwe amene ankalowa kunsi kwa sitima anali amchere wowawa. Mu 1904 mnyamata wa ku Sweden, Vagn Walfrid Ekman, anaonetsa chimene chinkachitika: sitima inkautsa mafunde osaoneka pamalire a madzi opepuka ndi olemera, ndipo mphamvu za injini zinkathera pa mafunde amenewo. Fram inakhala mu ayezi zaka zitatu, n'kutuluka mu 1896. Poyeza madzi m'zaka zimenezo Nansen anapezanso kuti kunsi kwa madzi ozizira a pamwamba kuli madzi ofundirapo ochokera ku Atlantic. Ofunda kukhala pansi pa ozizira, zimene ku Karonga sizingatheke, kumeneko zimatheka chifukwa ofundawo ndi amchere wambiri. Chivundikiro cha madzi osakolera mchere ndicho chimatchinjiriza ayezi kuti kufunda kwa pansiko kusamudye.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti chakudya cha m'madzi chimabwera m'njira zotsutsana kumalo awiriwa. Kwathu dzuwa lilipo chaka chonse, chosowa ndi chonde, ndiye ndere imadikira kuti nyanja ivunduke. Ku Antarctica chonde chilipo chambiri, chosowa ndi kuwala, ndiye ndere imadikira kuti nyanja idekhe, madzi opepuka aja aisunge pamwamba pomwe pali dzuwa. Ikaphuka, tinkhanu totchedwa krill timadya, ndipo anamgumi amadya tinkhanuto. Anamgumi omwewo, kukayamba kuundana, amasambira makilomita masauzande kudzaberekera m'madzi ofunda a kugombe la Mozambique, cha ku Inhambane, m'miyezi yomwe ino ya mwera.

Tinadya nsima ndi usipa wotendera moto utatsala makala. Dzira lija azakhali analitsuka n'kulibwezera m'dengu.

Tsiku lachitatu tinakwera kupita m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Amalume amayenda ndi ndodo tsopano, koma phiri amalidziwa kuposa mapapo anga. M'nkhalangomo munali mdima wonyowa, mitengo italiitali yokutidwa ndi ndele, ndipo timitsinje tinkatuluka pansi pa mizu tili toyera ngati galasi. Titatulukira poyera tinaona kumpoto chigwa cha Songwe, ndi tsidya lake mapiri a ku Tanzania. Tinaonanso zimene zili pakati pa nkhalango ndi mtsinje: mapiri ometedwa mpala, minda yolimidwa pamalo otsetsereka kwambiri, zipsera za moto pamene anthu anatema mitengo n'kuitentha kuti adzale mawere paphulusa, ndi maenje ofiira amene mvula inakumba.

Amalume sanadzudzule aliyense. Anthu achuluka, anatero, ndipo munthu sangadye nkhalango. Koma anandikumbutsa funso lawo lija. Pali chinthu chachitatu chimene chimalemeretsa madzi, ndipo ndi dothi. M'dzinja Songwe ndi Lufilya zimatsika zili zofiira, zitasenza minda ya anthu. Madzi amatope ndi olemera kuposa madzi ofunda a pamwamba pa nyanja, ndiye akafika pamathiriro sayenda patali asanamire. Amalowa pansi n'kuyala pakati pa nyanja pamene apeza madzi olemera mofanana nawo. Woima pagombe amaona mzere pamene kufiira kwathera, n'kuganiza kuti matopewo atha. Amakhala atangolowa kumene maso safika. M'mitsinje momwemo matope amakwirira timiyala timene mpasa ndi sanjika zimaikirapo mazira zikakwera kuchoka kunyanja. Mlimi wa ku Misuku amataya nthaka yake, ndipo msodzi wa ku Kaporo amataya nsomba yake, pa mvula imodzimodziyo, awiriwa osadziwana.

Tinakhala pamwala kuti apume, ndipo anandiuza chimene chimawadetsa nkhawa kuposa matope. Akatswiri akhala akuyeza kutentha kwa madzi akuya a nyanja ya Malawi kuyambira mu 1939. Mu 2005 ena mwa iwo, atasonkhanitsa miyeso ya zaka makumi asanu ndi limodzi, analengeza kuti madzi a pansi afunda ndi madigiri pafupifupi 0.7, ndipo anati chifukwa chachikulu n'chakuti nyengo zozizira zafooka, moti madzi ozizira amene ankamira kukafika kozama achepa. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2003, ena anali atalemba za nyanja ya Tanganyika, kumene msewu wa Stevenson unkalowera, kuti pamwamba pafunda, mphepo yafooka, nyanja siikuvunduka ngati kale, ndipo chakudya cha nsomba chachepa. Kumathero a dziko nkhani ndi yomweyo m'chinenero cha mchere. Mu Seputembala 2012 ayezi wa ku Arctic anatsala makilomita 3.4 miliyoni okha m'bwalo lake, ndipo mu Febuluwale 2023 wa ku Antarctica anatsika kufika pa 1.8 miliyoni, kuchepa kumene kunali kusanaonekepo chiyambire kuyeza ndi masetilaiti mu 1979. Madzi osungunuka akachuluka pamwamba, chivundikiro chimakhuthala, ndipo madzi olemera oti amire amachepa.

"Ine ndili mnyamata, Juni ankatithyola zala," anatero. "Ku Nyika udzu unkadzuka woyera ndi chisanu. Tinkatukwana kuzizira. Sindinkadziwa kuti kuzizira komweko ndiko kunkatiphikira ndiwo."

Ndinawayang'ana atakhala pamwalapo, chipewa chaubweya chili kumutu, ndodo ili pakati pa miyendo. Anaphunzitsa ana masauzande, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo anaiwala mayina a mitsinje ya ku Siberia mayeso atangotha. Koma ndikukayika ngati alipo amene anaiwala dzira likunyamuka pansi pa tambula. Ndikanakonda mwana aliyense wa m'dziko lino, wa ku Nsanje ngakhale wa ku Likoma, akanaona zimenezo asanauzidwe mawu aakulu a kusintha kwa nyengo amene timawamva pa wailesi.

Ndisanabwerere ndinapita pa boma. Chitipa ndi chigwa chathyathyathya cha pamwamba, champhepo, chafumbi, pomwe mumsika umodzi umamva Chilambya, Chinyiha, Chindali, Chitumbuka, Chinamwanga, Chibemba ndi Chiswahili. Katundu wambiri ndi wochokera ku Tunduma ndi ku Nakonde. Pamzere wa nsomba panali usipa wa ku Karonga, ndipo amayi ogulitsa ankadandaula kuti wakwera mtengo chifukwa asodzi sakulowa m'madzi. Kummwera, kupitirira Chisenga, mapiri a Mafinga anali ataima buluu m'malire ndi Zambia. Mvula yogwa tsidya lino la mapiri amenewo imatsikira kunyanja ya Malawi, ndipo yochepa imene dzuwa silinaimwe imatuluka ndi Shire. Yogwa tsidya linalo imayambitsa mtsinje wa Luangwa. Madzi awiriwa amasiyana pamsana pa phiri limodzi, n'kukakumananso mu Zambezi, n'kukathira m'nyanja ya Indian ali ofunda, opanda mchere, oyandama pamwamba. Kummwera kwa pamenepo, pakati pa Mozambique ndi Madagascar kulowera kunsi, makilomita anayi ndi kupitirira pansi pa mafunde, kuli madzi osafika digiri imodzi, amene anamira ku Antarctica zaka zambiri zapitazo usiku wina nyanja ikuundana.

Ndinakwera Sienta ya masana, ndili ndi mkoko wa nthochi ndi kathumba ka khofi wokazinga zimene azakhali anandimangira. Tikutsika, mawindo anayamba kutsegulidwa limodzilimodzi, majekete n'kumavulidwa. Pa khona ina mitengo inapatuka, nyanja n'kuonekera patali, yotuwa, yodzaza timizere toyera ta mafunde.

Ndinafika kudoko dzuwa likupendeka. Mabwato onse anali atakokeredwa kumtunda, nyali za usiku zitamangidwa m'matumba, anyamata akusoka chilimira pamchenga. Bambo uja ndinamupeza atatsamira bwato lake. Ndinamufunsa ngati kuli usipa.

"Lero ayi, achimwene. Mwina mkuja, ukagona mwerawu."

Ndinavula nsapato n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Anali akadali ofunda, koma osati ngati sabata yathayo.